Mnyamata wa ku Alaska uja, ndi tchire limene ife timagona nalo pafupi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za buku limene achinyamata ena ophunzira akubwerekana masiku ano, ena pa pepala, ena pa foni. Dzina lake ndi Into the Wild, adalemba ndi Jon Krakauer, ndipo lidatuluka mu 1996. Ndi nkhani yoona ya mnyamata wa ku America, Christopher McCandless, amene adasiya abale, ndalama ndi dzina lake lomwe, n'kukakhala yekha m'tchire la ku Alaska, dera lozizira la kumpoto kwa dzikolo, mpaka kufera komweko. Ine landipeza kudzera mwa mwana wa mlongo wanga, amene adamaliza sukulu ya ukachenjede koma ntchito sinamuonekerebe. Ponditumizira adalembapo kuti, "Amalume, uyu ndiye adaumvetsa moyo." Ndikudziwa kuti si iye yekha woganiza choncho, n'chifukwa chake yankho langa ndalibweretsa kwa inu. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimaweta njuchi kuno kwa Chulu, ndipo kuchoka pakhomo panga kukafika m'malire a nkhalango ya Kasungu National Park ndi ulendo wapansi.

Kwa amene sadawerenge, nkhani yake ili motere. Mu 1990 mnyamatayu adamaliza maphunziro pa Emory University mumzinda wa Atlanta, ndipo adakhoza bwino. Ndalama zimene zidali m'banki zoti apitirizire sukulu, zoposa madola 24,000, adazipereka ku Oxfam, bungwe lomwe lija timalidziwa kunoli. Adayendetsa galimoto yake yakale kulowera kumadzulo, madzi osefukira atamuonongera adaisiya m'chipululu ku Arizona, tindalama totsala m'thumba n'kuwotcha. Adadzitcha dzina latsopano, Alexander Supertramp. Kwa zaka ziwiri adayendayenda, apa ganyu apa ulendo, osalembera makolo ake ngakhale kalata imodzi. Kumapeto kwa Epulo 1992 adalowa m'tchire pa njira yotchedwa Stampede Trail atanyamula mfuti yaing'ono, mabuku ndi mpunga wa makilogalamu anayi ndi theka, ndiye kuti chigoba chimodzi. Kumayambiriro kwa Sepitembala alenje adapeza mtembo wake m'basi yakutha imene ankagonamo. Adali ndi zaka 24, ndipo thupi lake lidatsala makilogalamu 30 okha.

Ndisanamutsutse, ndimupatse zake. Ambiri akamva nkhaniyi amangoti chitsiru, mwana wa anthu olemera wosowa chochita. Ine sindikutero. Munthu amene adakhala masiku oposa 110 m'dziko lozizira chotero, akudya agologolo, mbalame ndi mizu, si woti timuseke ife amene magetsi akazima usiku umodzi timadandaula. Ndiponso sadachoke pakhomo chifukwa cha kukhuta. Ali mnyamata adatulukira kuti bambo ake, katswiri amene adagwirapo ntchito ku NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, ankayendetsa mabanja awiri nthawi imodzi n'kumabisa. Mlongo wake adadzalemba buku lakelake mu 2014 lonena za nkhanza zimene zinkachitika m'nyumba mwawo. Izi si zachilendo kwa ife. Ndaphunzitsa ana ambiri amene ankafika m'kalasi maso ali ofiira, ndipo ukafufuza unkapeza kuti usiku kudali ndewu, kapena kuti ndalama za fodya zathera kwa mkazi wina ku boma. Ena mwa anawo adathawira ku Joni, ena ku maesiteti, ena ku mowa. Uyu adathawira ku Alaska poti njira yake idali yotseguka. Chimene chidamuthamangitsa ndikuchimva.

Chimene ndikukana ndi choti adakakhala moyo wosadalira munthu. Werengani bwino muone m'mene manja a anthu adadzazira m'tchire lakelo. Njira imene adayendamo adailambula ndi anthu a migodi. Basi imene idamusunga, ya nambala 142, adaisiya pamenepo ndi anthu okonza msewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mudali mbaula ndi pogona zimene ena adakonza. Jombo za mphira zimene adaponda nazo chipale chofewa adachita kumupatsa ndi bambo amene adamutenga pa galimoto tsiku lomaliza, ataona kuti nsapato zake sizingapirire. Bamboyo adamuchonderera kuti abwerere kaye akagule zomuyenereza, iye adakana. Mpunga adalima ndi wina, zipolopolo adapanga ndi wina. Chimene adachotsa pa moyo wake si thandizo la anthu ayi, koma pakamwa pa anthu, poti pakamwa pamafunsa mafunso ndi kulangiza.

Ngakhale nkhalango yathuyi, imene alendo amaiona ngati dziko losapondedwa chilengedwere, si choncho. Ndi yaikulu ndithu, masikweya kilomita opitirira 2,300, yachiwiri m'Malawi muno, ndipo imakagunda malire a Zambia. Koma m'katimo muli ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, muli zojambula pa miyala, muli mabwinja ndi manda. Anthu adasamutsidwamo m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha matenda a kaodzera obwera ndi kashembe, ndipo malowo adadzakhala paki mu 1970. Agogo anga ankatchula madambo a m'katimo ndi mayina awo, ngati akutchula midzi ya achibale. Anthu amene ankakhaladi m'tchire limenelo ankakhalamo ngati mudzi, ndi mfumu, asing'anga, osula makasu ndi amayi odziwa ndiwo. Woti adapita yekha ndi mabuku sindidamumvepo.

Pamene ndidakhalitsa powerenga ndi pa nyama. Mu Juni mnyamatayu adapha moose, chinyama chachikulu chofanana msinkhu ndi ntchefu. Adasangalala, adadzijambula nacho. Kenaka ntchito idayamba, ndipo adali yekha. Kusenda, kutumbula, kudula, kunyamula kupita ku basi, kutola nkhuni, kusonkha moto, kuingitsa ntchentche, zonse manja awiri. Adayesa kuiwamba pa utsi monga adamuuzira alenje a ku South Dakota kumene adagwirako ganyu, pamene eni dziko la Alaska amaidula timizere topyapyala n'kuyanika pa mphepo. Pasanathe sabata mphutsi zidalowa, nyama yambiri idawola, ndipo iye adalemba kuti akadadziwa sakadaiombera. Aliyense amene adakula nthawi ya uzimba akudziwa chimene chidalakwika. Nyama yaikulu siphedwa ndi munthu mmodzi, osati chifukwa cha mwambo chabe, koma chifukwa imawola msanga kuposa m'mene munthu mmodzi angagwirire ntchito. Makolo akapha njati ankatuma mwana kukaitana mudzi. Ena amange thandala, ena adule, amayi abwere ndi madengu, mwendo upite kwa mfumu. Kugawana kuja kudali kusunga: nyama imene wapatsa mnzako lero idzabwerera kwa iwe mwezi wa mawa iye akadzapha yake. Mnyamata uja adapha chakudya cha miyezi ingapo, koma adalibe woti amusungire.

Kenaka mtsinje. Kumayambiriro kwa Julayi adaganiza zobwerera kwa anthu, ndipo ichi achinyamata omutamanda amachilumpha. Adamanga katundu, adayenda, n'kupeza mtsinje wa Teklanika, umene adawoloka mosavuta mu Epulo, utadzaza ndipo ukuthamanga moopsa. Kumeneko mitsinje imadzaza nthawi yotentha, madzi oundana a m'mapiri akamasungunuka. Taonani kusiyana kwake ndi kwathu, kumene Dwangwa ndi Bua zimalusa mu Januwale ndi Febuluwale, pofika Okutobala mwana n'kumawoloka Dwangwa wosanyowa kabudula. Ine ndi imvi zangazi mutanditula ku Alaska ndingapusitsidwe chimodzimodzi, chifukwa nzeru za mtsinje zimakhala ndi anthu a pa mtsinjewo. Adabwerera ku basi. Chimene sankadziwa n'chakuti kumunsi pang'ono, mtunda wosakwana kilomita imodzi, padali chingwe chachitsulo chodutsa pamwamba pa mtsinje, chokhala ndi kabokosi kokwera munthu n'kumadzikoka ndi manja, chimene adaika anthu oyeza madzi. Pa mapu abwino chidalembedwa. Iye mapu otero sadatenge, mwadala, pofuna kuti dzikolo likhale losadziwika m'maso mwake. Ife alimi a njuchi mwambi uja wa safunsa adadya phula timaumva kuposa ena, poti phula timaligwira ndi manja.

Za chimene chidamumaliza, akatswiri akukanganabe mpaka lero, ndipo wolemba bukuyo wasinthapo maganizo kangapo. Chodziwika n'chakuti chakumapeto kwa Julayi mnyamatayu adalemba kuti wafooka kwambiri, ndipo adaloza chala njere za chomera china chokhala ngati mbatata yakutchire. Adali ndi buku la zomera, lolembedwa kuchokera ku nzeru za eni dziko a kumeneko. Bukulo lidamuuza kuti mizu yake imadyedwa. Za njere silidanene kanthu. Mizu italimba iye adayamba kudya njere.

Apa ndidaika buku pansi, chifukwa ife a ku Kasungu tidaziona ndi maso mu 2002. Chaka chimenecho gaga adasanduka chakudya cha ulemu, ogulitsa ena n'kumathiramo utuchi. Anthu adakumba zitsa za nthochi, adalowa m'tchire kufuna mizu. M'mudzi mwathu amene adadya mpama osavulala ndi amene adali ndi gogo pakhomo, wodziwa kuti uwu umasendedwa, kudulidwa, kuphikidwa, madzi kutayidwa, n'kuviikidwa masiku angapo usanafike pakamwa pa mwana. Amene adangokumba n'kuphika ena adatupa, ena adasanza mpaka kukomoka. Ndi bowa chimodzimodzi. Mayi wa kuno sauzidwa ndi pepala kuti uwu ndi utale, uwu ndi ndelema, uwu usaukhudze. Adayenda kumbuyo kwa amayi ake dzinja ndi dzinja, akutola n'kumamenyedwa padzanja akatola woipa. Buku limakuuza zimene wolemba adakumbuka kufunsa. Gogo amakuona ukutambasula dzanja n'kukuletsa pomwepo, ngakhale pa chinthu chimene palibe adaganizapo zochilemba.

Ndiye tiyerekeze mnyamata wa ku Area 25 wawerenga bukuli, mtima wamunyamula, walowa m'nkhalango yathu mu Epulo ndi chigoba cha mpunga. Bowa wapita. Masuku ndi matondo n'za kumapeto kwa chaka. Pofika Ogasiti udzu wauma, moto wolusa wadutsa, timitsinje tambiri taphwa, kwatsala matowo ndi uchi ngati akudziwa kutsata nsadzu ndi kufukiza njuchi osapsa nazo. Mbewa zimene akuganiza kuti azikadya zimachuluka m'minda ya anthu, m'mapesi, osati m'katikati mwa miombo. Koma sindikhulupirira kuti angafike n'komwe mu Ogasiti. Kulowa m'paki popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, kupha nyama zina zotetezedwa kungamutengere munthu kundende mpaka zaka 30. Amene amalowa movomerezeka kukapachika ming'oma kapena kukatola matondo amalowa pagulu, mayina atalembedwa, ndipo dzuwa likamapendeka amawerengana.

Palinso ichi. Kuno tchire sitichita kulifunafuna, limabwera lokha. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera m'nkhalango ino. Chiyambire pamenepo midzi ya m'malire, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, yaona minda ikudyedwa, nkhokwe zikugwetsedwa, ndipo anthu ena ataya miyoyo. Bambo amene wagona m'msasa kumunda, akuwomba chitini usiku wonse kuti chimanga chione m'mawa, mukamuuza kuti kuli mzungu wina adawotcha ndalama kuti akagone pakati pa zilombo, sakwiya n'komwe. Amangokuyang'anani. Sindikunena izi ponyoza nyama, njuchi zanga zimadya maluwa a mitengo yomweyo imene paki yasunga, ndipo popanda paki bwenzi mitengoyo idathera m'zigafa za fodya kalekale. Ndikungoti kukonda tchire kumakoma ukakhala ndi kwina kobwerera.

Ndipo tinene zoona, anthu okhala okha kutchire tili nawo kale. Dera lililonse lili ndi munthu wake amene adachoka pamudzi, adamanga kachisakasa kuphiri kapena kudambo, tsitsi lidapotana, ana amamuthawa. Timati wapenga, kapena adamulodza, kapena chamba. Palibe amene amapita kukamufunsa chimene adathawa, ndipo palibe adzamulembere buku. McCandless adali ndi digiri, ankawerenga mabuku a Tolstoy, mlembi wotchuka wa ku Russia, adasiya zithunzi ndi zolemba, n'chifukwa chake kuthawa kwake kukutchedwa nzeru. Mwana wa mlongo wanga akadafuna kumva za munthu wokana dziko, sakadasowa kopita, ndi ulendo wa njinga kuchoka pano. Koma ameneyo sasiririka, poti timamuona m'mene alili, ndi zilonda zake.

Mbali imene idandiwawa kwambiri si ya njala. Ndi ya anthu amene ankamukonda m'njira. Kulikonse kumene adafika anthu adamutsegulira khomo. Mkulu wina wa zaka 80, amene mkazi ndi mwana wake adafa kale pangozi, adafika pomupempha kuti amutenge akhale mdzukulu wake. Mnyamatayo adazemba, nati adzakambirana akadzabwera ku Alaska. Makolo ake, ndi zolakwa zawo zonse, adalemba ntchito munthu wofufuza, osamupeza. Mlongo wake amene ankagwirizana naye kwambiri, amene adamva nawo ululu wa m'nyumba ija, sadalandire ngakhale mzere umodzi. Kuno munthu akasowa, amayi ake sadya, amalume ake amagulitsa mbuzi kuti ayende m'zipatala ndi m'mapolisi, ndipo maliro opanda mtembo satha. Amene wachoka amati wadzimasula, koma mtolo wake sautaya m'njira, amautula pamutu pa otsala. Ndipo pomaliza penipeni, atafooka, adapachika kalata pa chitseko cha basi yopempha aliyense wodutsa kuti amupulumutse. Pansi pake sadasaine Alexander Supertramp. Adalemba dzina limene adamupatsa makolo ake.

Zotsatira zake nazo zimveke. Filimu ya nkhaniyi itatuluka mu 2007, achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana adayamba kupita mwaunyinji kukaona basi ija ngati malo opatulika. Ambiri adachita kukapulumutsidwa. Mtsikana wa ku Switzerland adamira mu Teklanika mu 2010, wina wa ku Belarus mu 2019, mtsinje womwe uja. Mu Juni 2020 boma la Alaska lidatopa nazo, lidatumiza helikopita ya asilikali kukainyamula basiyo, ndipo idaperekedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya yunivesite ku Fairbanks. Achinyamata onsewo adawerenga kapena kuonera m'mene mtsinjewo udamutsekerera mnzawo, koma adapitabe.

Mwana wa mlongo wanga sapita ku Alaska, ngakhale ya basi yopita ku Mzuzu amachita kupempha. Chimene chamugwira m'bukuli ndikuchidziwa: watopa ndi kulemba makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, watopa ndi kufunsidwa pa maliro paliponse kuti "mwayamba kugwira kuti?", watopa ndi kuona kuti wolowa ntchito ndi amene ali ndi wachibale m'katimo. Akufuna malo amene palibe womuyeza. Ameneyo ndi mlandu wathu akuluakulu, ndipo sitiuthetsa pomuletsa kuwerenga. Awerenge ndithu, bukulo ndi lolembedwa bwino ndipo silibisa zolakwa za mwini nkhani. Ndamuuza kuti ngati akufuna kukhala chete pakati pa mitengo abwere, ming'oma ilipo yofuna kukonza, ndipo munthu ungathe tsiku lonse kumeneko osamva mawu a munthu. Koma madzulo azibwera kudzadya, ndipo tsiku loyamba ayenda ndi mkulu wina wa m'gulu lathu amene sadapite kusukulu koma amadziwa fungo la njovu mphepo ikatembenuka.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Nzeru zimene zikadamupulumutsa mnyamata uja, za kwathu kuno zikutha, ndipo zikutha msanga. Ana a sukulu amene ndinkawaphunzitsa chakumapeto kwa ntchito yanga ankatha kutchula mitsinje ya ku Ulaya, koma ukawaonetsa nthudza ndi maye ena ankasokoneza. Dzinja lililonse timamva pa wailesi za banja limene lagonekedwa m'chipatala kapena latha chifukwa cha bowa. Amayi odziwa kusiyanitsa akukalamba, ndipo atsikana awo ali ku tauni. Tumizani atolankhani anu ku midzi ya m'malire a nkhalango, kwa Chulu, kwa Lukwa, kwa Kaomba, akakhale pansi ndi agogo amenewa mvula isanagwe. Akajambule bowa wodyedwa ndi wakupha, aliyense ndi dzina lake la dera limenelo, poti mayina amasiyana ukangowoloka mtsinje. Akalembe kakonzedwe ka mizu ya nthawi ya njala, mwezi umene chipatso chilichonse chimapsa, ndi madooko a mitsinje yathu. Pansi pa nkhani iliyonse mudzalembe kuti chithunzi sichikwanira, wotola ayambe waonetsa munthu wamkulu asanaphike. Atolankhaniwo akadzafika kwa Chulu adzafunse za gulu la alimi a njuchi, tidzawaperekeza kwa amayi oyenera, koma adzabwere ndi nsapato zoyendera.

Mphunzitsi wopuma,
Kwa Chulu, Kasungu